Msonkho wa zipangizo za bizinesi ku America

A Gondwe: Akuluakulu, kalata yochokera kwa county assessor (mkulu wa county, chigawo cha state, woyesa mtengo wa katundu wokhomera msonkho) yofuna mndandanda wa katundu wa bizinesi, imeneyi n'chimodzimodzi ndi za IRS, bungwe lotolera misonkho la dziko lonse la America?

Mayi Nkhoma (Tacoma): Ayi achimwene, n'zosiyana. Uwu ndi msonkho wa zipangizo: makompyuta, mabedi, mafiriji, makina. Amawerengera zimene munali nazo pa 1 Januwale. Kuno ku state ya Washington mndandanda ufike pofika 30 Epulo. Mukachedwa, chindapusa ndi 5% ya msonkhowo mwezi uliwonse mpaka 25%. Chinthu chilichonse mulembe chaka chimene munagula ndi mtengo wake, kuphatikizapo ndalama zonyamulira ndi zoikira, koma sales tax (msonkho umene munalipira pogula) muchotse.

A Phiri (Dallas): Ku Texas mndandandawu amati rendition, Form 50-144, ndipo upite kwa appraisal district (ofesi yoyesa mtengo wa katundu) pofika 15 Epulo. Mukapempha polemba kalata amakupatsani mpaka 15 Meyi. Mukapanda kutumiza, chindapusa ndi 10% ya msonkhowo. Ndipo kuno katundu wogulitsa wa m'mashelefu amawerengedwa, pamene ku Washington sawerengedwa.

Mayi Nkhoma: Pamene ambiri amagwa ndi apa: makina munagulitsa kapena kutaya chaka chatha, koma pamndandanda akadalipo. Assessor sangalote, azingokulipiritsani. Lembani kuti anachoka. China, musaganize kuti chimene munachichotsa chonse pa msonkho wa IRS ndiye kuti chilibe mtengo. A assessor ali ndi ndondomeko zawozawo zotsitsira mtengo, ndipo chikamagwirabe ntchito sichifika pa ziro. Musaphatikizenso zonse pamzere umodzi. Kompyuta imatsika msanga kuposa tebulo, ndiye mukazisakaniza mumadzibera nokha. Zobwereka pa lease nazo muzitchule, ndi dzina la mwini wake.

A Gondwe: Nanga makampani a sitima ndi magetsi, county imawerenga njanji imodzi ndi imodzi?

Mayi Nkhoma: Amenewo kuno amaona ndi Department of Revenue, nthambi ya misonkho ya state. Amayesa kampani yonse ngati chinthu chimodzi, poona ndalama zimene imapanga ndi mtengo wa katundu wake, n'kudula gawo la Washington, kenako n'kugawira ma county malinga ndi kumene katunduyo ali. Fomu yawo si yanu.

A Phiri: Mtengo umene aika pa katundu wanu ukakwera mopitirira, ku Texas dandaulani kwa Appraisal Review Board (komiti yomva madandaulo amenewa) pofika 15 Meyi kapena masiku 30 kuchokera tsiku limene anakutumizirani kalata ya mtengowo, tsiku lomwe lifike mochedwa pa awiriwa. Tengani malisiti, zithunzi za makina owonongeka ndi pepala la mtengo wokonzetsera.