Mutu wabwereranso tsiku lachinayi atalandira AmBisome

Clinical officer, wodi ya abambo: Akuluakulu, thandizeni. Bambo wa makilo 50, mayeso a CrAg pa madzi a mumsana anatuluka positive, kutanthauza kuti ali ndi cryptococcal meningitis, matenda oumitsa khosi oyamba ndi yisiti yotchedwa Cryptococcus. Lolemba analandira AmBisome (amphotericin watsopano, mankhwala a m'dripi opha yisitiyo) 500 mg, akumwa flucytosine ndi fluconazole 1200 mg. Lero Lachinayi mutu wafika poipa, akusanza, akuona zinthu ziwiriziwiri. Tiwonjezere AmBisome wina?

Dokotala: Ayi achimwene, musawonjezere. Mlingo umodzi wa 10 mg pa kilo ndi womwe unayesedwa m'kafukufuku wa AMBITION, amene Blantyre ndi Lilongwe anali nawo. Pa masabata 10 anamwalira 24.8 pa 100, pomwe mwa olandira amphotericin wakale masiku 7 anali 28.7, ndipo WHO inautenga mu 2022. Vuto la bamboyu ndi pressure. Yisitiyo imatseka tinjira totulukira madzi a mu ubongo, choncho madzi amadzadzana ngakhale mankhwala akugwira. Mubooleni msana lero lomwe, muyeze pressure ndi kutulutsa madzi ena.

Clinical officer: Manometer, choyezera pressure, tilibe, adokotala.

Dokotala: Tengani giving set (chubu cha dripi) yatsopano, lumikizani ku singano, imikani chubu chilili, yezani ndi tepi kuyambira pomwe singano yalowa. Agone chammbali, ndipo poyeza awongole miyendo pang'ono, chifukwa akadzipinda kwambiri nambala imakwera mwabodza. Ikafika masentimita 25, tulutsani mpaka itsike pansi pa 20 kapena ifike theka, osapitirira 30 mL nthawi imodzi. Kuona ziwiriziwiri kusakuopseni, ndi chizindikiro cha pressure yomweyo. Chokuletsani kuboola ndi kufooka kwa mbali imodzi ya thupi.

Medical assistant: Nanga dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa aja, sangathandizeko mutuwo?

Dokotala: Musayerekeze. Kafukufuku wa CryptoDex, wa mu 2016, anaimitsidwa msanga chifukwa olandira dexamethasone ankalumala kwambiri ndipo yisiti inkachedwa kutha. Mannitol ndi acetazolamide nazonso zisiyeni.

Sister in-charge: Kusanzako kukundidetsa nkhawa. Flucytosine wa makilo 50 ndi mapiritsi 10 a 500 mg patsiku, ogawidwa kanayi, masiku 14. Akamawasanza ndiye watsala ndi fluconazole yekha. Mupatseni oletsa kusanza, zikakanika ikani NG tube (chubu chodzera m'mphuno kufika m'mimba). Creatinine (mayeso a impso) ndi FBC (mayeso a kuchuluka kwa magazi) zitengedwenso, poti impso zikafooka flucytosine amaunjikana n'kugwetsa magazi. Achibale akafunsa za ma ARV, auzeni adikire masabata 4 mpaka 6. M'kafukufuku wa COAT oyamba ma ARV msanga ndi amene anamwalira ambiri.

Clinical officer: Taboola. Yafika 34, tatulutsa 25 mL, yatsika pa 18. Akuti mutu wapepuka, wapempha phala.

Dokotala: Mawa m'mawa mubooleninso ngakhale akuseka, chifukwa madziwo amabwerera usiku umodzi. Lembani nambala zonse ziwiri pa chart kuti wa usiku aone.