Foni ya mwana ndiyiteteze bwanji?

Abale muli bwanji, ine ndili kuno ku Ntcheu boma. Mwana wanga wa zaka 11 ndinamupatsa foni yanga yakale ya Android kuti azichitira za kusukulu koma pano akungokhalira mavidiyo mpaka usiku, ndiye zina zimatuluka pa intanetizi sizoyenera mwana ayi, mtima wanga suli m'malo. Ndamva za Google Family Link kuti ndi yaulere, umatha kuika nthawi yoti foni izizitseka yokha komanso asanatsitse app iweyo uvomereze kaye. Alipo akuigwiritsa ntchito? Imadya bandulo kwambiri? Nanga akapita kwa agogo ake ku Tsangano netiweki ikamavuta imagwirabe? Komanso anawa ndi ochenjera, sangaichotse? Zolipira mwezi ndi mwezi sindingakwanitse, chonde ndithandizeni.