Thandizeni kukonza zolemba za plugin ya Vim yofufuza zolakwika mu code

Moni nonse. Ndimasamalira ka plugin ka Vim (pulogalamu yolembera code) komwe kamayendetsa flake8 ndi ShellCheck, zida zofufuza zolakwika mu code ya Python ndi ya shell, munthu akasunga fayilo. Ndakasintha kuti kazigwira ntchito chakumbuyo pogwiritsa ntchito job_start(), yomwe inabwera ndi Vim 8 mu 2016, ndiye zolemba za mu foda ya doc zatsalira m'mbuyo. Ndikufuna wongoyamba kumene akalemba :help apeze zoona.

Vuto lalikulu lili pa ma tag, mayina omwe :help imagwiritsa ntchito popeza malo oyenera m'zolemba. Setting iliyonse ili ndi mitundu iwiri, ya g: yokhudza mafayilo onse ndi ya b: yokhudza buffer imodzi (fayilo imodzi yotsegulidwa mu Vim). Dzina la setting ndimaliika pakati pa nyenyezi ziwiri (*) monga mwa lamulo, koma ndikayendetsa :helptags ikundibwezera E154, kuti tag yabwerezedwa, chifukwa dzinalo ndalizunguliza nyenyezi m'mafayilo awiri, la Python ndi la shell. Kodi ndisiye nyenyezi pamalo amodzi, kwinako ndingolozera ndi timizere tiwiri toimirira (|)? Ndaona kuti ALE, plugin ina ya Vim yofufuza zolakwika mu code, imagawa zolemba zake, chinenero chilichonse fayilo yake, ndipo zimawerengeka bwino kwambiri. Kwa ka plugin ka zida ziwiri zokha, kugawa kotereku n'koyenera?

Chinanso, Neovim, pulogalamu yochokera ku Vim, imagwiritsa ntchito jobstart(), yopanda kamzere kapansi. Kusiyanaku ndikufotokoze m'gawo lapadera kapena pansi pa setting iliyonse?

Amene munayesapo kupanga fayilo ya help kuchokera ku README kuti ziwirizi zisamasemphane, chonde ndiuzeni chida chomwe munagwiritsa ntchito. Zikomo kwambiri.