Calibre-Web ikutaya mabuku onse magetsi akangothima

Mwale, Chamama

Akuluakulu, ndabwera kwa inu chifukwa nzeru zandithera, ndipo ana a Fomu 4 atsala ndi masabata ochepa kuti alembe mayeso a MSCE. Pa sukulu imene ndimaphunzitsa ndinaika Calibre-Web, pulogalamu yowerengera mabuku pa browser, pa kompyuta yaing'ono ya Raspberry Pi 4 ya RAM 4GB, ikuyenda mu Docker (pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu ena m'ma container) ndi image ya linuxserver pa port 8083, ndipo mabuku onse, omwe ndi oposa 1,800, ali pa hard drive yakunja ya 1TB yolowa pa USB. Ana ndi aphunzitsi amawerenga kudzera pa Wi-Fi ya mu laibulale, popanda intaneti. Vuto ndi lakuti magetsi akangothima n'kubweranso, Pi imayaka bwinobwino, tsamba limatseguka, koma m'malo mwa mabuku ndimapeza uthenga wakuti "DB Location is not Valid". Masiku ena mabuku amaoneka onse, koma ndikafuna kuonjezera limodzi, log imanena kuti "attempt to write a readonly database". Ndachita chmod 777 pa foda yonse, PUID ndi PGID ndinaika 1000, container ndaichotsa n'kuiikanso katatu, koma palibe chasintha. Drive ili pa NTFS, kasungidwe ka mafayilo ka Windows, chifukwa Loweruka lililonse ndimapita nayo kunyumba kukaonjezera mabuku ndi Calibre, pulogalamu yosanja mabuku, pa laputopu ya Windows. Sabata ino magetsi athima kanayi, ndipo maulendo anayi onsewo ndasiya ana m'kalasi kuti ndikakonze chinthu chimenechi. Chonde musandiuze kuti ndiyambirenso kuika zonse, chifukwa zimenezo ndachita kale.

Phiri, Kasungu boma

A Mwale, magetsi akadzathimanso n'kubwera, musanakhudze china chilichonse mulembe findmnt ndi lsblk, kenaka mutiuze dzina la foda imene drive yakhalapo, komanso ngati pali rw (kuwerenga ndi kulemba) kapena ro (kuwerenga kokha). Ndikuganiza kuti drive yanu simunailembe mu fstab, fayilo youza Linux ma drive oti ilowetse poyaka, ndipo imadikira kuti desktop ya Pi iyake kaye kuti iilowetse pa /media. Docker imadzuka msanga kuposa desktop, ndipo ikapeza kuti foda imene munaipatsa pa -v kulibe, imapanga yokha foda yopanda kanthu ya dzina lomwelo. Calibre-Web ikasuzumira m'menemo siipeza metadata.db, fayilo yosunga mndandanda wa mabuku, n'chifukwa chake ikukubwezerani ku tsamba lofunsa kumene kuli database. Drive yeniyeniyo ikafika mochedwa imapeza dzina lake latengedwa kale, ndipo imapatsidwa dzina lomwelo lokhala ndi 1 kumapeto.

Zulu, Kamwendo

Ine ndinena zimene ndimanena nthawi zonse. Raspberry Pi si chipangizo choika pamalo pamene magetsi amathima kanayi pa sabata. Tengani laputopu yakale, muikemo Calibre yeniyeni, muyatse Content server yake pa port 8080, basi. Laputopu ili ndi batire yakeyake, magetsi akathima imapitiriza kugwira ntchito, ndipo database imagwiridwa ndi pulogalamu imodzi yokha. Calibre yakhalapo kuyambira 2006, ndipo server yakeyo imatsegula EPUB mu browser popanda Docker kapena PUID. Yanga ili pa TDC (Teacher Development Centre) kuno kwathu kwa zaka zinayi, sindinaonepo uthenga umene mukuonawo.

Nabanda, Kasungu

Bambo Mwale, ine sindine katswiri wa Linux, ntchito yanga ndi ya mu laibulale, koma ndikupemphani kuti musachite chilichonse mwa zimene akuluakuluwa akuuzeni musanakopere mafayilo awiri n'kuwaika pa flash yapadera. Yoyamba ndi metadata.db, yomwe ili mu foda ya mabuku, ndipo yachiwiri ndi app.db, yomwe ili mu foda ya config. Anthu ambiri amaiwala yachiwiriyi, chonsecho ndi imene imasunga mayina a owerenga, mawu awo achinsinsi ndi mashelefu amene aphunzitsi apanga.

Chaka chatha magetsi anathima mnzanga wina ali pakati polowetsa mabuku, ndipo m'mawa mwake tinapeza uthenga wakuti "database disk image is malformed". Tinapulumuka chifukwa Calibre imasunga kafayilo ka metadata.opf mu foda ya buku lililonse, ndipo pa Library maintenance pali Restore database yomwe imamanganso database kuchokera m'timafayilo timeneto. Zinatenga madzulo onse. Koma memory card nayo inali itawonongeka, ndipo app.db inapita nayo limodzi, choncho mashelefu a Biology, Agriculture ndi Chichewa amene aphunzitsi anasanja teremu yathunthu sanabwerere. Mayi wina wophunzitsa sayansi sanafunenso kuigwiritsa ntchito kuchokera tsiku limenelo, ndipo ine ndinamumvetsa.

Mwale, Chamama

A Phiri, mwalasa. Magetsi athima 10 koloko m'mawa uno, ndipo atabwera findmnt yaonetsa /media/pi/MABUKU1, pamene mu Docker ndinalemba /media/pi/MABUKU. Palinso ro pa mzere womwewo. Foda ya MABUKU ilipo, ndi ya root, ndipo mulibe kanthu. A Zulu, laputopu imene ndili nayo ndi yanga, ndimalembera mayeso ndi malipoti a ana, sindingaisiye mu laibulale. Mayi Nabanda, mafayilo awiriwo ndakopera, zikomo. Tsopano ndichite chiyani ndi ro ameneyu, popeza chmod sikumusuntha?

Phiri, Kasungu boma

Ndiye muli ndi mavuto awiri osiyana amene akhala akusinthana, n'chifukwa chake uthenga umasintha tsiku ndi tsiku. Za chmod muiwale, chifukwa pa NTFS yolowetsedwa mwa nthawi zonse mwini wa mafayilo amatchulidwa pa nthawi yoilowetsa, ndi uid=1000 ndi gid=1000, osati pambuyo pake. Ro akubwera chifukwa drive siinatsekedwe bwino, kaya ndi kuthima kwa magetsi kapena ndi Fast Startup ya Windows, yomwe imasiya drive ngati ikugwirabe ntchito mukazimitsa laputopu musanaitulutse. Linux ikaona zimenezo imalola kuwerenga kokha pofuna kuteteza mafayilo anu. Mudzapeza anthu akukuuzani za ntfsfix, koma chenjerani, chifukwa imakonza zochepa chabe ndipo siilowa m'malo mwa chkdsk. Pitani nayo drive pa Windows, muyendetse chkdsk /f, muzimitse Fast Startup, ndipo muziitulutsa mwadongosolo musanazule chingwe.

Njira yokhalitsa ndi kukopera mabuku onse kwina, kusandutsa drive kukhala ext4, kasungidwe ka mafayilo ka Linux, n'kuilemba mu fstab pogwiritsa ntchito UUID yake (nambala yoizindikirira), pa foda ngati /mnt/mabuku. Muikepo nofail kuti Pi isakanirire poyaka ngati drive yazulidwa, koma dziwani kuti nofail ikutanthauzanso kuti makina sadikira drive, choncho Docker muyenera kuiuza nokha kuti idikire. Lembani systemctl edit docker, ndipo pansi pa Unit muikepo RequiresMountsFor=/mnt/mabuku. Musanayambitsenso Pi, yesani mount -a, chifukwa kulakwitsa chilembo chimodzi mu fstab kungakusiyeni ndi makina osayaka, ndipo ku Chamama kulibe wina wokubwerekani monitor ndi chingwe cha micro HDMI madzulo.

Zulu, Kamwendo

Taonani mizere yonseyi imene a Phiri alemba, fstab, UUID, systemctl, zonsezi n'cholinga choti kabokosi kopanda batire kapirire magetsi amene sikangawapirire. Ngakhale mutachita zonsezi, magetsi akathima database ili pakati polembedwa, vuto la mayi Nabanda lidzakupezani. Laputopu yakale ya kiyibodi yofa imapezeka motchipa kwa okonza makompyuta pa boma, ndipo kiyibodiyo simuifuna. A Mwale akadzasamutsidwa kupita ku sukulu ina, ndani adzamvetse Docker ameneyo? Calibre ya pa laputopu mphunzitsi aliyense amaitsegula n'kuona mabuku ndi maso ake.

Gondwe, Nkhamenya

Ndisanavomereze kuti vuto lonse ndi fstab, ndifunse a Mwale kuti Pi yawo ikudya magetsi kuchokera ku chiyani. Pi 4 imafuna 5V 3A, ndipo ma port ake onse a USB amagawana pafupifupi 1.2A yokha, pamene hard drive yozungulira imakoka mphamvu zambiri pa nthawi imene ikuyamba kuzungulira. Ine ndinavutika miyezi iwiri ndi drive imene inkazimiririka masana, ndinasintha mafayilo onse amene mungaganize, mpaka tsiku lina ndinatchera khutu n'kumva ikugogoda pang'onopang'ono ngati wotchi. Chaja inali ya foni. Lembani vcgencmd get_throttled, ndipo ngati yankho si 0x0, onaninso dmesg ngati muli mawu a undervoltage. Ndinagula USB hub yokhala ndi magetsi akeake ndipo kugogodako kunatha.

Chinanso, dzinja likayamba muzizula zonse mukamaweruka. Mvula yoyamba ya chaka chatha mphezi inagwa pa mtengo wa bulugama kuseri kwa ofesi, inapsereza router ndi switch, ndipo Pi inapulumuka chifukwa chakuti ndinali nditapita nayo kunyumba kukaisintha memory card. Kumbukiraninso kuti Pi 4 ilibe wotchi ya batire, ndiye pamalo popanda intaneti nthawi yake imatsalira magetsi akathima, ndipo masiku amene ali mu log musawakhulupirire kwambiri pofufuza kuti vuto linayamba liti.

Nabanda, Kasungu

Pali nkhani ina imene sitinaikhudze. Mwa mabuku 1,800 amenewo, ndi angati amene ali ma PDF ojambulidwa kuchokera m'mabuku osindikizidwa a silabasi? Ndikufunsa chifukwa lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza olemba ndi osindikiza, ndipo COSOMA ndi imene imayang'anira za chilolezo chokopera mabuku m'sukulu. Buku lojambulidwa lonse n'kuikidwa pa server kuti aliyense alitsitsire mu foni si nkhani yaing'ono, ndipo likafika pa WhatsApp dzina limene lidzatchulidwe ndi la amene anaika server. Mabuku a OpenStax, a African Storybook omwe ena ali m'Chichewa, ndi a Project Gutenberg mungawaike mtima uli m'malo. Enawo funsani kaye a hedi kuti sukulu ili ndi chilolezo chotani.

Komanso ngati simunasinthe admin123, mawu achinsinsi a admin amene Calibre-Web imabwera nawo, sinthani lero lomwe. Kwathu mnyamata wina wa Fomu 3 anapeza mawu amenewa pa intaneti, analowa ngati admin, ndipo pofuna kuchotsa buku limodzi pa shelefu yake anafufuta buku lenilenilo pa drive pamodzi ndi ena asanu ndi awiri. Ana apatseni akaunti yowerengera ndi kutsitsa basi, chilolezo chosintha ndi kufufuta chikhale ndi inu nokha.

Zulu, Kamwendo

A Phiri sanayankhe funso limodzi. Drive ikakhala ext4, Windows siidzaiwerenga, ndiye a Mwale adzaonjezera bwanji mabuku Loweruka? Mwakonza vuto limodzi n'kubala lina. Pa laputopu, Calibre yomwe ikugawa mabuku ndi yomweyo imene ikuwalandira, palibe kunyamula drive pa njinga kupita nayo kunyumba. Tsopano a Gondwe awonjezera hub, winanso abwera ndi UPS, ndipo mukawerengetsa ndalama zonsezo laputopu ija mwaigula kale.

Phiri, Kasungu boma

A Zulu, funso lanu ndi labwino, koma kunyamula drive n'kumene kuyenera kutha. Mu Basic Configuration muli Enable Uploads, ndipo a Mwale angathe kulowetsa mabuku kuchokera pa laputopu yawo kudzera pa browser ali mu laibulale momwemo. Chimene ndikuletsa n'chakuti wina agawe foda ya mabuku pa Samba n'kuitsegula ndi Calibre ya pa Windows pamene Calibre-Web ikuyenda, chifukwa metadata.db ndi SQLite, ndipo malangizo a Calibre enieniwo amachenjeza kuti laibulale isaikidwe pa network drive. Za batire mukunena zoona, koma malaputopu akale ambiri amene ndawaona batire yake siitha mphindi khumi, ndipo pa sola amadya mphamvu zambiri kuposa Pi.

Zulu, Kamwendo

Mphindi khumi n'zokwanira kuti makina adzitseke okha mwadongosolo batire ikatsika, ndipo Pi ilibe ngakhale sekondi imodzi. Pamenepa ine sindisuntha.

Kamanga, Mkanda

Pepani kuti ndalowerera, koma nanenso ndili ndi Calibre-Web ndipo vuto langa lili pafupi ndi limeneli. Magetsi akabwera router imapatsa Pi nambala ya IP ina, ndiye adiresi imene ndinamata pa khoma la laibulale imasiya kugwira ntchito, ndipo aphunzitsi amene ndinawaikira adiresi ya /opds m'mapulogalamu owerengera mabuku a KOReader ndi Moon+ Reader amabwera kudzadandaula kuti mabuku asowa. Router yathu ndi yaing'ono ya SIM card, ndipo sindikupezamo poikira DHCP reservation. Kodi ndiike static IP pa Pi penipenipo, ndipo ndisankhe nambala yotani kuti isadzagundane ndi mafoni a ana? Komanso ma PDF akuluakulu a 200MB akukanika kutseguka mu browser pa mafoni a RAM yochepa.

Nabanda, Kasungu

Bambo Mwale, papita masiku asanu. Kodi chkdsk munayendetsa, ndipo mabuku munakopera kwina musanasandutse drive?

Gondwe, Nkhamenya

A Kamanga, tiuzeni kaye kuti Raspberry Pi OS yanu ndi Bullseye kapena Bookworm, chifukwa pa Bookworm static IP siikidwanso mu dhcpcd.conf, imaikidwa ndi nmcli.