Chipinda chikutentha ngati uvuni kuno ku Golomoti, ndithandizeni nzeru

WakuBembeke:
Moni nonse. Ine ndakulira ku Bembeke komwe ngakhale mu Okutobala usiku timafunda, ndiye mwezi watha anatisamutsira kuno ku Golomoti pa ntchito, abale inu kungotsika Khwekhwelere uja zinali ngati talowa dziko lina. Nyumba ya lendi tapezayi ndi ya njerwa zowotcha, malata opanda siling'i, kuchipinda windo ndi imodzi yokha yoyang'ana kolowera dzuwa. Ikamati 2 koloko masana ukakweza dzanja umachita kumva malata akulavula moto, ndipo chikundidabwitsa nchakuti usiku panja pakazizirako m'katimo mumatenthabe mpaka cha m'ma 1 koloko. Mwana wanga ali ndi miyezi 4, watuluka tinsungu ta thukuta m'khosi ndi kumsana, akungolira osagona. Za eyakoni musandiuze ndalama yake palibe, fani ndinagula koma magetsi akathima ndiye basi, komanso ikamazungulira imangondimenya ndi mpweya wotentha womwewo. Anzanga akuchigwa kuno mumatani?

Mmisiri_Sharpevale:
Achemwali pepani ndi mwanayo. Ine ndimamanga nyumba kuno ku Bwanje ndiye ndikuuzeni, mdani wanu ndi denga ndi khoma lakumadzulolo, fani siilakwa. Malata amatentha tsiku lonse nkumakuthirani kutenthako pamutu, pomwe njerwa zimamwa dzuwa masana onse nkumadzalitulutsa pang'onopang'ono usiku, nchifukwa chake panja pakuzizira inu m'kati mukupsa. Ndiye choyamba tchingani pakati pa inu ndi malata. Sikuti mpaka siling'i bodi ayi, gulani mphasa za bango zitatu kapena zinayi mumange ndi waya kunsi kwa mitengo ya denga, musiye mpata pafupifupi chikhato ndi theka pakati pa mphasa ndi lata kuti mpweya wotentha uziyenda m'menemo nkumatulukira m'mbali. Makatoni nawonso amagwira koma amaitana makoswe ndi mphemvu, ine sindiwakonda. Chachiwiri yang'anani mavent pamwamba pa khoma, anthu ambiri amawatseka ndi nsanza kapena mapepala nthawi ya Juni nkuiwala, chonsecho mpweya wotentha umakwera m'mwamba ndipo khomo lake lotulukira ndi lomwelo. Tsegulani muikemo kasefa ka udzudzu. Landilodi akalola, pakani laimu khoma lakunjalo, choyera chimabweza dzuwa, ngakhale malata enieniwo akapakidwa penti yoyera kusiyana kwake mumakumva tsiku lomwelo. Windoyo muitchinge chakunja ndi mphasa yoimika kuyambira 12 koloko, katani ya m'kati imathandiza pang'ono chabe chifukwa dzuwa limakhala ladutsa kale galasi.

GogoWaKasinje:
Mwanawe zimene anena bambo awazi nzoona. Ife tinakulira m'nyumba za udzu zozira ndi dothi, mu Novembala umalowa m'nyumba kuthawa dzuwa, lero ndi malatawa anthu akuthawa m'nyumba kukakhala pansi pa mango. Ine ndimachita chonchi, m'mamawa kukadali kozizira ndimatsegula zonse, dzuwa likangokwera ndimatseka mbali yomwe likuwomba, likalowa ndimatsegulanso chitseko ndi windo zonse pamodzi kuti mphepo ilowere uku itulukire uko. Madzulo nyowetsa chitenje uchifinye uchipachike pawindo kapena kutsogolo kwa fani yakoyo, ndi nzeru yomwe ija ya mtsuko, madzi a mumtsuko amazizira chifukwa mtsukowo umachita thukuta kunja nkumauma. Pansi pa simenti kolopa ndi madzi ozizira usanagone. Matiresi a siponji aike kaye pambali mwezi uno, yala mphasa pansi ndi chitenje, pansi ndi pozizira kusiyana ndi pabedi. Ndipo mbaula isalowe m'nyumba, phikira panja, nyemba zako ziphike m'mawa.

Mzamba_Mtakataka:
Ndiwonjezereko za mwana chifukwa apa mpomwe mtima wanga uli. Mayi, wa miyezi 4 musamupatse madzi ngakhale kutenthe bwanji, mpaka miyezi 6 ndi bere lokha, muzingomuyamwitsa pafupipafupi ndipo inuyo ndi amene muzimwa madzi ambiri. Muchotseni zipewa, masokosi ndi mashawelo aja tinazolowera kumtunda, kamalaya kopyapyala ka kotoni ndi thewera zakwana, mumusambitse ndi madzi ofunda pang'ono kawiri katatu patsiku nkumupukuta bwino m'makwinya a khosi, mafuta olemera musiye kaye amatseka khungu. Fani isamuwombe mwachindunji. Koma chonde neti musachotse, ndaona ambiri kuno akugona pakhonde opanda neti ati kwatentha, kunyanja kuno malungo si ofanana ndi ku Bembeke. Akayamba kukana bere, kukodza pang'ono, liwombo kulowa m'kati kapena thupi kutentha, thamangani naye kuchipatala osadikira kuche. Za chitenje chonyowa agogo anenazo zimagwira bwino panopa mpweya uli wouma, mvula ikayamba chinyezi chikachuluka sichiumanso msanga ndiye chimangowonjezera kunyata.

Kabaza_wa_pa_M5:
Zotsegula chitseko usiku ine ndiye ayi agogo, anandibera foni ndi batire ya njinga chaka chatha ndili mtulo chifukwa chomwecho. Ngati windo ilibe zitsulo tsekani pogona, mutsegule kuyambira 6 mpaka 9 muli maso. Fani ija madzulo muziika pawindo kuti izikoka mpweya wapanja, osati pakona. Ine ndinagula kafani kotchaja pa sola, magetsi athime asathime kamazungulira.

WakuBembeke:
Zikomo kwambiri nonse. Ndakwera pampando kuona mavent aja, abale onse awiri anali otsekedwa ndi masaka, ndachotsa. Mphasa ndapeza zitatu, bambo ake mwana amanga Loweruka, panopa imodzi ndaimika kaye pawindo chakunja ndipo lero masana khoma la m'kati silinawotche ngati dzulo. Mwana ndamuvula shawelo ija, wagona kuyambira 3 mpaka 5 osadzuka. Amisiri funso limodzi, laimu wa khoma limodzi la chipinda ndigule wochuluka bwanji, ndipo ndipake kangati? Landilodi ndikawaona mawa ndikaweruka.