Mapepala a chivomezi akufufutika, tiyambire pati?

Wosunga zakale, Zomba: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Talandira makatoni a mapepala olembedwa ndi makina oyeza chivomezi, ena a mu Malichi 1989, nthawi ya chivomezi cha ku Salima chija. Ndi okulungidwa, omangidwa ndi malabala, ndipo mizere pa ena yayamba kufufutika. Abwana akuti tiwamate pulasitiki.

Wa laibulale, Mzuzu: Chonde amayi, makina omatira pulasitiki asayandikire. Ngati pepalalo ndi losalala ngati la risiti ya m'sitolo, silinalembedwe ndi inki koma ndi kutentha. Likalowa m'makinawo lituluka lakuda bii. Kandani m'mphepete ndi chikhadabo. Pakada, ndi lomwelo.

Wosunga zakale: Ndakanda. Pada.

Wa laibulale: Amenewo ndiye ayambe kupita pa sikana, chifukwa kufufutikako sikubwezeka. Sikanayo muitchere pa 600 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi), zithunzizo musunge mu mtundu wa fayilo wa TIFF, osati JPEG. Malabala chotsani lero lomwe, amasungunukira papepala. Pepala lomwe lauma kwambiri musalikakamize kutambasuka, lithyoka.

Wopuma pantchito, za miyala: Zoona zimenezo, koma mwadumpha chachikulu. Kodi buku la pa siteshoni yoyezera chivomezi lilipo? Woyang'anira makina ankalembamo kuti wotchi yatsogola kapena yatsalira ndi masekondi angati, komanso kuti makinawo akukulitsa kugwedezeka kangati. Timadziwa pomwe chivomezi chinayambira poyerekeza nthawi imene mafunde a chivomezicho anafika pa masiteshoni atatu kapena kuposerapo. Mafunde oyamba amathamanga pafupifupi makilomita 6 pa sekondi, ndiye wotchi ikalakwika ndi masekondi asanu, mwasochera mtunda wautali ndithu. Popanda bukulo mungotsala ndi zithunzi zokongola zopanda ntchito. Kuseri kwa pepala nakonso mujambule, anyamata ankakonda kulemba tsiku kumeneko ndi pensulo.

Wosunga zakale: Buku sindinalione, bambo.

Wopuma pantchito: Funsani omwe anabweretsa makatoniwo, mabuku otere ankasungidwa padera. Likasowa, tsegulani kaundula wa International Seismological Centre, bungwe la ku England losunga mbiri ya zivomezi za dziko lonse, pa intaneti, muyerekeze masiku ndi nthawi.

Wa laibulale: Ndi dzinja lino, makatoni asakhale pansi kapena kutsamira khoma. Chiswe sichichedwa.

Wosunga zakale: Ndawaimbira. Akuti pali mabuku awiri achikuto cholimba omwe anatsala m'kabati, ndikawatenga mawa. Bambo, ndikakutumizirani zithunzi za masamba a Malichi mundithandiza kuwerenga manambalawo?

Wopuma pantchito: Tumizani. Muyambe ndi tsamba la pa 10.