Kodi "blame", "accuse" ndi "allege" amasiyana bwanji?

Abale anga, ndithandizeni. Ndimagwira ntchito m'sitolo ina kuno ku Johannesburg, ndiye katundu wina wasowa. Dzulo abwana andipatsa kalata yoyamba ndi mawu akuti "it is alleged". Usiku wonse tulo sitinabwere, mtima suli m'malo.

Ndikudziwa kuti timati "blame someone for" koma "accuse someone of". Chikundizunguza mutu ndi "alleged" ameneyu. Kodi akungondiganizira chabe popanda umboni, kapena andipeza kale wolakwa? Nanga "charged" ndi mawu a apolisi okha, kapena abwana nawonso amawagwiritsa ntchito?

Akufuna yankho langa Lachisanu lisanafike. Ndilembe kuti "I deny the allegation", kapena pali mawu ena aulemu kuposa amenewa? Ine sindinatenge kanthu, ngakhale sopo mmodzi.